Mawu achinsinsi a Wi-Fi ndimasintha mwezi uliwonse, nanga vuto latsalira pati?

Funso: Ndili ndi malo ogona alendo a zipinda 14 m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Chaka chatha ndinagula ma access point (zipangizo zofalitsa Wi-Fi) atatu ogwiritsidwa kale ntchito kwa munthu amene amaitanitsa katundu kunja, ndipo mnyamata wina wodziwa zamakompyuta anandilumikizira. Alendo timawapatsa mawu achinsinsi a Wi-Fi akangofika, ndipo ndimawasintha mwezi uliwonse. Netiweki yomweyo ndi imene timagwiritsa ntchito pa makamera komanso pa kompyuta ya ku ofesi polowa ku banki. Mlendo wina wogwira ntchito yamakompyuta wandiuza kuti anatsegula tsamba lowongolera zipangizozi pa foni yake ali m'chipinda, ndipo akuti ndigule zatsopano. Kodi ndiwonongedi ndalama pa zinthu zomwe zikugwira ntchito bwinobwino, kapena akungondiopseza? — Mayi wa ku Mangochi

Yankho: Mayi, mlendo wanuyo sakukuopsezani, ndipo mumuthokoze chifukwa anabwera kudzakuuzani m'malo mongokhala chete. Komabe musathamangire kukagula zatsopano musanamvetse chimene iye anaona, popeza mbali yaikulu ya vutoli ikhoza kutha popanda kulipira kanthu, ndipo mbali yotsalayo imadalira zaka za zipangizo zanuzo.

Chipangizo chilichonse cha Wi-Fi chili ndi makiyi awiri, ndipo inu mwakhala mukusamala mmodzi yekha. Mawu achinsinsi amene mumapatsa alendo ali ngati kiyi wa pageti: amalola munthu kulowa pabwalo. Wachiwiri ndi kiyi wa ku ofesi kumene kuli mabuku ndi bokosi la ndalama. Mkati mwa access point kapena rauta (kabokosi kamene kamalandira intaneti n'kuigawa pamalo panu) muli kakompyuta kakang'ono kamene kali ndi tsamba lakelake, ndipo tsambalo limatseguka munthu akalemba manambala monga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pamalo amene timalemba adiresi ya pa intaneti. Pa ma MiFi ambiri a Huawei manambala ake ndi 192.168.8.1. Zipangizo zambiri, makamaka zakale, zinkatuluka ku fakitale dzina lolowera lili admin, mawu achinsinsi alinso admin, ndipo zimenezi zinalembedwa m'mabuku a malangizo amene aliyense angawapeze pa intaneti. Ngati mnyamata amene anakulumikizirani sanasinthe kiyi wachiwiriyu, ndiye kuti mlendo aliyense amene munamupatsa kiyi wa pageti wakhala ali ndi mwayi wolowa mu ofesi.

Munthu akalowa pa tsambali angathe kuona kapena kusintha mawu achinsinsi a Wi-Fi, kudzipatsa liwiro lalikulu, ngakhale kukutsekerani kunja inu eni ake. Zimenezo n'zowawa, koma zimaonekera msanga. Chimene chimandidetsa nkhawa monga mlangizi wa zachuma ndi chinthu chosaoneka chotchedwa DNS, chomwe ntchito yake ndi kutanthauzira dzina la tsamba, monga la banki yanu, kukhala manambala a kompyuta yeniyeni imene tsambalo lili. Wakuba akasintha DNS mu rauta imene imagawa maadiresi pa netiweki yanu, inu mumalemba dzina la banki molondola, koma mumafikitsidwa pa tsamba labodza lofanana ndi lenileni, ndipo zimene mwalemba pamenepo zimapita kwa iye. Izi zinachitika kwambiri ku Brazil mu 2018. Kampani ya Radware inaulula kuti akuba ankasintha DNS m'ma rauta a D-Link n'cholinga chotumiza makasitomala a Banco do Brasil ku tsamba labodza, ndipo chaka chomwecho ofufuza a Netlab 360 anapeza chiwembu chotchedwa GhostDNS chimene chinagwira ma rauta oposa 100,000, ambiri a iwo m'dziko lomwelo. Nthawi zambiri kompyuta imachenjeza kuti tsamba lotere silodalirika, koma wogwira ntchito amene ali ndi mlendo patsogolo pake akudikira lisiti amangodina kuti apitirire.

Palinso kutaya kwa mtundu wina, kumene eni bizinesi amakumva m'thumba koma osadziwa gwero lake: bandulo kutha masiku asanakwane, kapena intaneti kuchedwa usiku wonse pamene alendo ali ochepa. Nthawi zina chifukwa chake n'chakuti chipangizo chalandidwa ndipo chikugwirira ntchito munthu wina wakutali. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi ma rauta ambirimbiri padziko lonse pongoyesa mayina ndi mawu achinsinsi a ku fakitale pafupifupi 60. Zipangizo zolandidwazo zinagwiritsidwa ntchito pa 21 Okutobala chaka chimenecho kuukira kampani ya Dyn ku America, moti Twitter ndi Netflix zinavuta kupezeka kwa maola angapo. Ku Liberia, kampani yamafoni ya Lonestar inaukiridwa mwa njira yomweyi ndi Daniel Kaye wa ku Britain, amene analembedwa ntchitoyo ndi munthu wa ku kampani yopikisana nayo, ndipo khoti la ku London linamulamula mu Januwale 2019 kukhala m'ndende zaka ziwiri ndi miyezi 8. Eni makamera ndi ma rauta amene anagwiritsidwa ntchito pa milandu imeneyi sanasankhidwe chifukwa cha kulemera kwawo. Mapulogalamu otere amangoyendayenda pa intaneti usana ndi usiku n'kumagogoda khomo lililonse, choncho maganizo akuti bizinesi yanga ndi yaing'ono, palibe angaifune, sagwira ntchito pano.

Tsopano pali mfundo imene ingapangitse kuti mlendo wanu akhale wolondola pa nkhani yogula zatsopano. Kusintha mawu achinsinsi a tsamba lowongolera kumatseka chitseko, koma nthawi zina chitsekocho chimakhala ndi mng'alu wochokera ku fakitale. Tsambalo ndi pulogalamu yolembedwa ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa. Cholakwika chofala kwambiri n'chakuti tsambalo limalandira mawu amene munthu walemba m'kabokosi kena n'kuwapereka kwa kakompyuta ka mkati kaja osawafufuza, moti wochenjera akabisamo lamulo, chipangizocho chimalitsatira ngati lachokera kwa mwini wake. Chotere chinapezeka mu rauta ya TP-Link Archer AX21 pa mpikisano wa akatswiri wotchedwa Pwn2Own ku Toronto mu Disembala 2022, ndipo sipankafunika mawu achinsinsi aliwonse kuti munthu achigwiritse ntchito. Kampaniyo inatulutsa pulogalamu yokonza vutoli mu Malichi 2023, koma pofika Epulo akuba a Mirai anali atayamba kale kusaka ma rauta amene eni ake sanawakonze. Chaka chomwecho vuto lofanana nalo linapezeka pa tsamba lowongolera ma access point a Ruckus, omwe amapezeka kwambiri m'mahotela ndi m'masukulu, ndipo nalonso linagwiritsidwa ntchito polanda zipangizo. Ndatchula makampaniwa osati chifukwa chakuti ndi oipa kuposa ena, ayi. Onse awiri anakonza zolakwikazo, ndipo kukonza kumeneko n'kumene mumagula mukamagula chipangizo cha kampani yodziwika.

Vuto la katundu wa kaunjika lili pomwepa. Kampani iliyonse imakhala ndi tsiku limene imasiya kusamalira mtundu wakale wa chipangizo, ndipo tsikulo likadutsa, mng'alu uliwonse wopezeka umakhala wosatsekedwa mpaka kalekale. Mu Januwale 2023 Cisco inalengeza za cholakwika chachikulu pa tsamba lowongolera ma rauta ake a mabizinesi ang'onoang'ono a RV016, RV042, RV042G ndi RV082, chimene chinkalola munthu kudutsa osalemba mawu achinsinsi, ndipo inanena poyera kuti sikonza chifukwa zipangizozo nthawi yake inatha. Mu Januwale 2024 inanenanso chimodzimodzi za access point ya WAP371. Makampani a kunja akamachotsa zipangizo zimene zikuyakabe bwinobwino, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimenechi, ndipo zina mwa izo n'zimene zimafika kuno pa mtengo wokoma. Nyale yobiriwira ikamayaka imangotsimikiza kuti chipangizo chili moyo, sinena kanthu za chitetezo chake.

Choncho chinthu choyamba, musanatulutse kwacha iliyonse, tembenuzani access point iliyonse ndi rauta imene zalumikizidwako, mulembe dzina la kampani, nambala ya mtundu wake ndi nambala ya version zomwe zili pa kapepala ka kunsi. Kenako inu kapena katswiri wanu mufufuze pa tsamba la kampaniyo ngati mtunduwo ukulandirabe firmware yatsopano, imene ndi pulogalamu ya mkati ija. Ngati ukulandira, musagule kanthu. Ngati kampani inausiya, muusinthe, ndipo ndalama zikakhala zochepa muyambe ndi rauta yaikulu imene yayang'ana ku intaneti, chifukwa ndiyo imagogodedwa ndi dziko lonse, pamene ma access point ali kuseri kwake.

Zipangizo zikapezeka kuti zikadali m'nthawi yake, ntchito yotsala ndi ya tsiku limodzi. Popeza zinadutsa m'manja mwa anthu ena, zibwezeredwe kaye mmene zinatulukira ku fakitale, kenako zilandire firmware yatsopano yotengedwa pa tsamba la kampani yokha. Izi zichitike chipangizo chili pa batire kapena inveta, pakuti magetsi akazima ntchitoyo ili pakati chipangizo chikhoza kufa osadzukanso. Mukatero muike mawu achinsinsi aatali a tsamba lowongolera, osiyana ndi a alendo. Muzimitse chimene chimatchedwa remote management, chomwe chimalola tsambalo kutseguka kuchokera kunja kwa malo anu, ndipo muzimitsenso WPS, njira yolumikizira ku Wi-Fi podina batani kapena polemba nambala m'malo mwa mawu achinsinsi, imene zinadziwika mu 2011 kuti nambala yake ya manambala 8 ingapezeke poyesa maulendo osapitirira 11,000.

Koma chachikulu pa zonse kwa inu ndi kulekanitsa alendo ndi ofesi. Zipangizo zambiri zili ndi gawo la guest network, limene limapatsa alendo intaneti yokha popanda kuwalola kuona tsamba lowongolera, makamera, kompyuta ya ku ofesi kapena mafoni a alendo anzawo. Zikanakhala choncho, mlendo wanu uja sakanaona n'komwe tsambalo. Mpaka zimenezi zitachitika, ndikukulangizani kuti za banki, za Airtel Money ndi za Mpamba muzichita pa foni yanu pogwiritsa ntchito data ya mu foniyo, Wi-Fi itazimitsidwa, ndipo musinthe mawu achinsinsi a ku banki amene munkalemba pa kompyuta ya ku ofesi. Muyang'anenso masitetimenti a miyezi yapitayi mzere ndi mzere.

Za mnyamata amene anakulumikizirani, sindikumuimba mlandu wakuba. Ambiri amasiya mawu a ku fakitale kapena kutsegula remote management pofuna kuti akaitanidwa azikonza ali kwawo osawononga thiransipoti. Komabe funso lakuti ndani akusunga kiyi wa ku ofesi ndi funso la mwini bizinesi. Ndaonapo eni malo amene sadziwa mawu achinsinsi a zipangizo zimene anagula ndi ndalama zawo, moti katswiri akasamuka kapena akasemphana naye pa malipiro, amakhala ngati alendi m'nyumba yawoyawo. Mukamuitana ulendo uno, gwirizanani kuti gawo lomaliza la malipiro ake lidzaperekedwa akakusiyirani pepala lolembedwa mtundu wa chipangizo chilichonse, adiresi ya tsamba lake, firmware imene waika ndi tsiku lake, komanso akakuonetsani pa foni yolumikizidwa ngati mlendo kuti tsambalo silikutseguka. Mawu achinsinsi omaliza mulembe nokha iye atayang'ana kumbali, muwasunge m'kabati yokiya, ndipo muziwasintha wogwira ntchito aliyense amene ankawadziwa akachoka.

M'mabuku anu a ndalama, zipangizozi muziziona ngati matilesi ndi nsalu za pabedi, zinthu zimene zimatha ndipo zimafuna kusungiridwa ndalama zosinthira. Tengani mtengo wa zatsopano, muugawe ndi miyezi ya zaka zinayi kapena zisanu, ndipo kandalama kameneko muzikaika padera mwezi uliwonse ngati gawo la mtengo wa chipinda. Popeza katunduyu amagulidwa ndi ndalama zakunja, muziwerengeranso chaka ndi chaka molingana ndi mmene kwacha ikuyendera. Pogula, funsani wogulitsa chaka chimene mtunduwo unatuluka, ngati uli ndi guest network, ndiponso ngati umadzikonza wokha firmware ikatuluka. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024 lamulo limaletsa kugulitsa zipangizo zotere zili ndi mawu achinsinsi a ku fakitale ofanana pa zonse, ndipo limakakamiza opanga kunena nthawi imene adzapitirize kuzisamalira, choncho pa mitundu yambiri yatsopano nthawi imeneyi imapezeka pa tsamba la kampani.

Kumbukiraninso kuti pa kompyuta ya ku ofesi mumasungapo mayina, manambala a foni, mwinanso zithunzi za ziphaso ndi mapasipoti a alendo. Lamulo la Data Protection Act la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, limafuna kuti wosunga zinthu zotere aziteteze. Ngati mlendo uja akadali pamalo panu, mupempheni akuonetseni manambala amene analemba ndi mawu amene analowera, muwalembe papepala, kuti katswiri wanu akafika ayambire pomwepo.