Mwana akamakana phala m'mawa

Amayi, mwafunsa chochita poti mwana wanu akukana phala m'mawa. Musamukakamize, ndipo tiyi ndi sobo zisamabwere phala lisanadyedwe. Mwana wa miyezi 14 ngati wanuyu nthawi zambiri amakana chifukwa kamimba kadzaza kale ndi zamadzimadzi. Akadzuka muyamwitseni, padutse ola limodzi, kenako mumukhazike pamphasa ndi mbale yakeyake. Nthawi ikhale yomweyo tsiku lililonse.

Phalalo likhale lolimba, loti mukapendeketsa supuni silikuyenderera; lamadzi limangotupitsa mimba. Pokagayitsa sakanizani makapu 4 a chimanga ndi kapu imodzi ya soya. Soyayo muyambe mwamukazinga mpaka atafiira pang'ono, chifukwa wosakazinga amanunkha chiwisi ndipo ana amangolavula. Phala likayamba kubwadamuka thiranimo supuni yaikulu ya nsinjiro, zipsere limodzi. Kuno ku Mchinji mtedza ngosasowa, koma chonde musanasinje tayani wonse wofota, wobooka ndi wachuku. Chuku chimenechi chili ndi poizoni amene satha ngakhale muphike bwanji.

Pa msinkhu umenewu akwanitse pafupifupi kapu ya 250 ml, katatu kapena kanayi pa tsiku, pakatipo nthochi kapena mbatata yophika. Akakana, chotsani mbale pakatha mphindi 20, muyesenso nthawi ina ndi phala lotentha bwino, osati logonera mumphika.

Koma ngati kusikelo sakukwera miyezi iwiri yotsatizana, uzani alangizi a zaumoyo. Mukaona mapazi atupa, zilonda m'kamwa, kapena akukana ngakhale bere, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.