Honda Fit yanga iziyendera gasi, kodi ndalama ibwerera?

Bambo wina wa ku Mufakose mu mzinda wa Harare watilembera kuti: "Ndili ndi Honda Fit imene ndimanyamulira anthu kupita mtauni, petulo amandidyera $15 pa tsiku. Makaniko wina akuti ndi $800 andiikira zida zoti galimoto iziyendera gasi wa LPG, yemwe timaphikirayu. Mwezi uno ndi ine wolandira chipereganyu, ndiponye ndalamayo pamenepa?"

Achimwene, musanapereke olo dola imodzi kwa makanikoyo, yambani mwapeza malo amene muzikathira gasiyo. Ma kiyosiki a gasi amene ali mbwee ku Mbare, ku Highfield, ku Epworth ndi kwanuko ndi odzaza ma silinda ophikira pa sikelo, galimoto imafuna pampu yake yokhala ndi paipi yolowa pa thanki, ndiye ngati pampu yotero ili kutali ndi msewu umene mumayenda tsiku ndi tsiku, phindu lonse lithera pa ulendo wokathira komanso ma pasenja amene mwawasiya pa siteji. Pitani mukaione ndi maso pampuyo, mufunse ngati ali ndi laisensi ya ZERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi, mufunsenso kuti gasi akasowa amatha masiku angati, poti gasi wa kuno ndi woitanitsa kunja.

Tsopano masamu. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika chifukwa petulo amagulitsa pa lita pomwe gasi kuno timamudziwa pa kilo. Kilo imodzi ya LPG ndi malita pafupifupi 1.8 mpaka 2, koma lita ya gasi ili ndi mphamvu yochepa kuposa ya petulo, ndiye galimoto imamwa malita ochulukirapo, mwina ndi 20 peresenti. Tiyerekeze petulo ali pa $1.50, ndiye kuti $15 yanuyo ndi malita 10. Pa gasi mufunika malita 12, omwe ndi makilo 6 ndi theka, ndipo gasi akakhala pa $1.60 kilo mulipira $10.40. Petulo simumusiyiratu ayi, injini imalizira pa petulo mmawa mpaka itenthe kenako ndi pamene imadzisinthira yokha ku gasi, choncho tinene kuti mukupulumutsa $4 pa tsiku. Mukamagwira masiku 26 pa mwezi ndi $104, ndipo $800 ija yabwerera pakatha miyezi 8. Mitengo ndaikayi ndi yongoyerekeza, inu muikemo ya lero imene ZERA yalengeza, chifukwa gasi akangokwera kufika $2 kilo petulo ali pomwepo, zotsala ndi $1 kapena $2 basi ndipo mudikira chaka choposa kuti ndalama ibwerere.

Kwa munthu ngati inu woyenda tsiku lonse masamuwa akhoza kugwira. Koma amene galimoto yawo ndi yopitira ku tchalitchi ndi kokagula zinthu Loweruka, kapena ali ndi hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, ngati Toyota Aqua imene kale imangonyambita petulo, asavutike nazo. A ma kombi a dizilo nawonso izi si zawo, injini ya dizilo ilibe ma pulagi oyatsira gasi.

Ubwino wina ulipo ndithu, gasi amayaka bwino osasiya mwaye wambiri, oilo amachedwa kuda, ndipo mumakhala ndi ma thanki awiri, petulo akavuta mumayenda pa gasi. Si zachilendonso, ku Turkey, Poland ndi Italy magalimoto ambirimbiri amayendera LPG kwa zaka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi injini yanuyo. Gasi ndi wouma ndipo amayaka motentha, ndiye amadya ma vavu pang'onopang'ono pamene amakhalira mu hedi, ndipo injini ya Fit ma vavu ake sadzisintha okha, amafuna makaniko aziwayeza ndi kuwakonza mpata. Mukanyozera, tsiku lina galimoto iyamba kunjenjemera ikaima, mphamvu kutha, kenako ndi nkhani yotsegula hedi, ndalama ya miyezi ingapo imene munapulumutsa yapita. Mumufunse makanikoyo ngati mu $800 muli kabotolo ka mafuta otetezera ma vavu, ndipo ngati Fit yanu ndi yakale ija ya injini yotchedwa i-DSI kumbukirani kuti ili ndi ma pulagi 8, ndipo gasi safuna ma pulagi otopa. Thanki nayo imakhala pa malo a tayala la sipeya, ndiye sipeyayo ilowa mu buti momwe mumaika katundu wa amayi opita ku Mbare Musika, buti ya Fit mukuidziwa kukula kwake.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse, wina akakuuzani kuti angomangirira silinda ya kukhitchini mu buti nkulumikiza paipi pa mtengo wotsika, mukane. Thanki ya galimoto ndi yokhuthala, ili ndi vavu imene imatseka ikadzaza kufika 80 peresenti kuti gasi akhale ndi mpata wofufuma kukatentha ngati mu October, ndi ina yotseka paipi ikaduka pa ngozi. Silinda yophikira yomangirira mu buti si yopangidwira zimenezi, ndipo LPG ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amakhazikika pansi mgalimoto momwe muli ana a eni ake.

Ndalama ya chipereganyu ndi yabwinoko kusiyana ndi katapila poti ilibe chiwongoladzanja, koma musaipereke yonse kamodzi. Perekani theka, yotsalayo galimoto ikayenda sabata bwinobwino, ndipo akulembereni pa pepala dzina la zida, chaka chimene thanki inapangidwa ndi miyezi ya galanti. Mupemphenso akuonetseni galimoto ina imene anaisintha chaka chapitacho mucheze ndi mwini wake panokha. A inshuwalansi muwauze musanayambe ntchito ndipo yankho lawo likhale lolemba, mufunsenso ku VID, nthambi ya boma yoyeza magalimoto, zimene amafuna pa galimoto yosinthidwa chonchi makamaka yonyamula anthu.