Achemwali, list yanu sinathawe, mwaifufuta nokha ndi chizindikiro cha =

Achemwali, funso lanu ndinaliona usiku koma bando inandithera, ndiye ndikuyankha mmawa uno. Kwa amene sanalione: achemwaliwa akuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pafoni, ndipo akulemba kapulogalamu kothandiza mayi awo amene amaoda nsomba ku Makawa n'kumagulitsa mumsika wa pa boma. Analemba mizere iwiri iyi:

nsomba = ["utaka", "chambo", "usipa", "kampango"]
nsomba = nsomba.sort()

Atalemba print(nsomba), m'malo moona nsomba zawo zitaima pamzere kuyambira chambo mpaka utaka, panatuluka liwu limodzi lokha, None. Ndiye akufunsa ngati foni yawo ndi imene yasokonekera.

Foni ilibe mlandu. Pamzere wachiwiriwo chotsani "nsomba =" kuti patsale nsomba.sort() basi, kenako pangani print(nsomba). Ziyenda. Koma musangokonza n'kuthawa, chifukwa chimene chakulumani apachi chidzakulumaninso kanayi kapena kasanu chitavala malaya ena, ndipo mukachimvetsa lero simudzavutikanso.

Taganizirani beseni la mayi lija. List ndi beseni, ndipo liwu loti nsomba ndi kapepala chabe kamene mwamata pabeseni kuti mulizindikire. Mukanena kuti nsomba.sort(), zili ngati mwatuma mwana kuti akasanje nsomba za m'beseni lomwelo. Mwanayo apita, asanja, abwerako chimanjamanja, pakuti ntchito waigwirira komweko ndipo palibe choti akupatsireni. Chimanjamanja chimenecho ndi chimene Python imachitcha None. Tsono inu polemba "nsomba =" kutsogolo, mwauza Python kuti imatule kapepala pabeseni lija n'kukamata pa chimene mwanayo wabwera nacho. Wabwera ndi None. Beseni linasanjidwa bwinobwino, koma lilibenso dzina, ndipo chinthu chopanda dzina Python imachitaya yokha.

Izi sizinachitike mwangozi ayi. Python, imene Guido van Rossum anaitulutsa koyamba mu 1991, ili ndi chizolowezi chakuti method (lamulo lolembedwa pambuyo pa kadontho, monga sort) yosintha chinthu pamalo pomwepo isamabweze chinthucho, kuti wolemba code asanamizike n'kumaganiza kuti wapatsidwa list yatsopano pomwe yakale ija yasinthidwa. Ngati mukufunadi list yatsopano yosanjidwa, yakale isakhudzidwe, pali sorted:

zosanja = sorted(nsomba)

Ameneyu ndiye amabwera ndi beseni lachiwiri m'manja, choncho chizindikiro cha = pamenepa chili pamalo pake.

Ma method a list amene mudzagwiritse ntchito tsiku ndi tsiku alipo 11 okha. Asanu ndi awiri amabwerako chimanjamanja: append, extend, insert, remove, clear, sort ndi reverse. Anayi otsalawo amabwera ndi kanthu: pop amabwera ndi chimene wachotsa, index amabwera ndi nambala ya malo, count amabwera ndi chiwerengero, copy amabwera ndi list ina. Ine ndikamaphunzitsa ana a kwathu ku Mpondasi ndimawauza kuti aloweze anayiwa basi. Method ina iliyonse ya list ukaiona ili kumanja kwa =, ima kaye. Ndaona anthu ambiri m'gulu muno akulemba nsomba = nsomba.append("mcheni") kenako n'kumadandaula za error yonena za NoneType. Ndi matenda omwewa.

Poti tatchula append, samalani ndi mnzake extend, chifukwa amafanana nkhope koma khalidwe n'losiyana. Append amaponya chinthu chimodzi kumapeto kwa list, kaya chinthucho n'chotani. Mukamupatsa list, aiponya yonse ngati phukusi limodzi losamasula:

nsomba = ["chambo", "utaka"]
nsomba.append(["kambuzi", "mlamba"])

Apa len(nsomba), imene imawerenga zinthu za m'list, ikupatsani 3, osati 4, chifukwa kambuzi ndi mlamba zili m'jumbo imodzi mkati mwa beseni. Extend ndiye amamasula jumboyo n'kukhuthula, mupeza 4. Koma extend naye ali ndi kamsampha kake koseketsa. Mukalemba nsomba.extend("usipa") osaika liwulo m'mabulaketi a list, aliphwanya kukhala zilembo, ndiye m'beseni mupezamo u, s, i, p, a, chilichonse pachokha. Iye amangodziwa kukhuthula, ndipo liwu kwa iye ndi jumbo ya zilembo.

Insert sindichedwa naye. nsomba.insert(0, "bombe") imaika bombe patsogolo pa zonse. Chongokumbukira n'chakuti Python imayamba kuwerenga ndi 0, kotero chinthu choyamba ndi nsomba[0], chachiwiri ndi nsomba[1], ndipo chomaliza mutha kuchitenga ndi nsomba[-1] osavutika kuwerenga. Reverse amangotembenuza, chomaliza chikhale choyamba, sasanja kanthu. Count ndi wothandiza kwa mayi: akamalemba nsomba iliyonse imene yagulidwa, zogulitsa.count("chambo") iwauza kuti chambo chayenda kangati tsiku limenelo.

Pochotsa pali remove ndi pop, ndipo kusiyana kwake ndi uku. Remove mumamuuza dzina, pop mumamuuza malo. nsomba.remove("utaka") imachotsa utaka woyamba kupezeka, umodzi wokha, ngakhale utalembedwa katatu. Ngati mulibe utaka m'list, pulogalamu iima ndi ValueError, ndiye ndi bwino kufunsa kaye kuti if "utaka" in nsomba musanachotse. Index nayenso amaimitsa pulogalamu ndi ValueError yomweyo akasowa chimene mwamutuma. Pop mukapanda kumuuza malo amachotsa chomaliza n'kukupatsirani m'manja, ndiye yagulidwa = nsomba.pop() ndi yolondola. List ikakhala yopanda kanthu, pop amakupatsani IndexError.

Tsopano pano ndi pamene ndikufuna mukhale tcheru, chifukwa apa palibe error iliyonse imene imatuluka, pulogalamu imangokunamizani mwakachetechete. Chaka chatha ndinalembera gulu lina la banki m'khonde la amayi cha ku Namwera kapulogalamu kosungira maina a amene abweza ngongole sabata iliyonse. Ndinkafuna kusunga mndandanda wa sabata yatha ndisanayambe watsopano, ndiye ndinalemba chonchi:

yatha = sabata_ino
sabata_ino.clear()

M'mutu mwanga ndinali nditakopera. Titakumana sabata yotsatira, mlembi atafunsa kuti ndani anabweza sabata yatha, foni inaonetsa mabulaketi awiri opanda kanthu pakati. Thukuta linandituluka ngati ndawoloka mlatho wa Bakili Muluzi wapansi masana a mu Okutobala. Mwamwayi amayiwo sanasiye kulemba m'kope lawo la hadikava, apo bii pakanabuka mlandu, pakuti nkhani ya ndalama ilibe chibale. Cholakwika chinali chomwe chija cha kapepala. Kulemba yatha = sabata_ino sikubweretsa beseni lachiwiri, kumangomata kapepala kachiwiri pabeseni lomwelo. Nditakhuthula ndi clear, ndinakhuthula beseni lokhalo limene linalipo. Chofunika chinali yatha = sabata_ino.copy(), kapena sabata_ino[:] monga mudzaonera m'mabuku akale, chifukwa copy ndi clear zinalowa pa list mu Python 3.3 mu 2012.

Ngakhale copy ali ndi malire ake. Ngati list yanu ili ndi timalist tina mkati, monga [["chambo", 4000], ["utaka", 1500]], copy amakupatsani beseni latsopano koma majumbo a mkatimo ndi omwe aja, akugawana. Mukasintha mtengo wa chambo kumodzi, usinthanso kwinako. Pamenepo pamafunika deepcopy ya mu module yotchedwa copy. Zimenezo mudzazifuna tsiku limene mudzayambe kusunga mitengo pamodzi ndi maina, ndipo poona mmene mukuyendera, tsikulo silili patali.

Msampha wina wa mtundu womwewu ndi kuchotsa zinthu m'list uku mukuyendamo ndi for, loop imene imatenga zinthu za m'list chimodzichimodzi. Tinene kuti usipa watha ndipo mukufuna kuuchotsa paliponse pamene walembedwa:

nsomba = ["utaka", "usipa", "usipa", "chambo"]
for n in nsomba:
    if n == "usipa":
        nsomba.remove(n)

Mukuyembekezera utaka ndi chambo. Mupeza utaka, usipa, chambo. Usipa umodzi wapulumuka. Chimachitika n'chofanana ndi benchi ya kusikelo: wina akanyamuka, onse a kumbuyo kwake amasendera. Loop inali pamalo a nambala 1, yachotsa usipa woyamba, usipa wachiwiri wasendera kubwera pa 1 pomwepo, koma loop yapita kale pa 2 pamene tsopano pakhala chambo. Usipa uja sanauone n'komwe. Mankhwala ake alipo awiri. Mutha kuyenda pa kope, for n in nsomba.copy(), uku mukuchotsa m'list yeniyeni. Ine ndimakonda njira yachiwiri, yomanga list yatsopano ya zokhazo zimene mukufuna kusunga:

nsomba = [n for n in nsomba if n != "usipa"]

Poyamba imaoneka ngati malilime, koma iwerengeni pang'onopang'ono: ndipatse n aliyense wa mu nsomba amene si usipa. Ndipo taonani kuti apa "nsomba =" ndi yolondola, chifukwa kumanjaku kwapangidwadi list yatsopano.

Benchi ya kusikelo ija ikufotokozanso chifukwa chake anthu amati pop(0) ndi insert(0, ...) zimachedwa pa list yaikulu, chifukwa aliyense ayenera kusendera, pomwe append ndi pop ya kumapeto sizisuntha munthu. Mudzamva ena akukuuzani za deque ya mu collections, mbale wake wa list amene sachedwa pochotsa kapena kuika chinthu kutsogolo. Akunena zoona, koma pa list ya mayi ya nsomba makumi awiri simudzaona kusiyana kulikonse, musataye nazo tulo.

Tibwerere kwa sort, popeza ndi amene mwabwera naye. Mukakonza cholakwika cha lero mukumana ndi zodabwitsa zina ziwiri. Choyamba, zilembo zikuluzikulu zimatsogola zonse zisanabwere zing'onozing'ono. List ya "utaka", "Usipa", "chambo" ikasanjidwa, Usipa ukhala patsogolo pa chambo chifukwa cha U wamkuluyo, ndipo foni imakonda kukuikirani chilembo chachikulu musanaipemphe. Lembani nsomba.sort(key=str.lower) ndipo zisanjika monga munthu angasanjire, maina osasinthidwa kalembedwe.

Chachiwiri ndi mitengo. Chilichonse chobwera kudzera mu input, imene imalandira zimene munthu walemba pulogalamu ikamufunsa, chimakhala mawu, ngakhale mwalemba manambala. Ndiye "500", "1200" ndi "3000" zikasanjidwa zituluka 1200, 3000, 500, chifukwa Python ikuyang'ana chilembo choyamba ngati mu dikishonale, 1 kenako 3 kenako 5. Mayi akaona K500 yaikidwa ngati yoposa K3,000 adzakuuzani kuti mubweze foni kwa amene anakugulitsani. Sandutsani kaye mtengo kukhala nambala ndi int musanauponye m'list. Mukasakaniza mawu ndi manambala m'list imodzi, Python 3 ikana kusanja, ikupatsani TypeError. Python 2 inkangosanja osadandaula, ndiye mukapeza phunziro lakale pa intaneti limene likuchita zimenezo, makamaka lolemba print popanda mabulaketi, lisiyeni. Python 2 anasiya kuisamalira pa 1 Januwale 2020.

Mukafuna zodula zitsogole, mitengo.sort(reverse=True). Mukafika posunga dzina ndi mtengo pamodzi monga ndinaonetsera pamwambapa, katundu.sort(key=lambda x: x[1]) isanja potengera mtengo. Pali kabwino kena kamene anthu ambiri sakadziwa: zinthu ziwiri zikafanana mtengo, sort amazisiya mmene zinatsatirana poyamba, sazisinthanitsa. Njira yosanjirayi anailemba Tim Peters mu 2002, n'chifukwa chake imatchedwa Timsort. Phindu lake kwa inu ndi lakuti mukasanja kaye potengera dzina, kenako potengera mtengo, nsomba za mtengo umodzi zituluka zili kale m'ndondomeko ya zilembo.

Wina m'munsimu wakuuzani kuti musiye ma method, muzilemba nokha ma loop osanjira kuti mudziwe bwino. Achimwene, sindikugwirizana nanu kwenikweni. Kulemba kamodzi loop yosanja kuti uone mmene zimayendera n'kwabwino, monga mmene mwana wa kunyanja amaphunzirira kupalasa bwato. Koma pa pulogalamu yoti mayi agwiritse ntchito mawa mumsika, sort ya Python ndi yachangu kuposa imene ine kapena inu tingalembe, ndipo yayesedwa ndi anthu ambirimbiri kwa zaka zoposa 20.

Bando ikatha musaime kuphunzira. Lembani help(list) kapena help(list.sort) mu Python momwemo, mafotokozedwe ake atuluka popanda intaneti, ndipo dir(list) ikuonetsani maina onse. Amene ali ndi timizere tiwiri kutsogolo ndi kumbuyo alumpheni kaye, yang'anani 11 a kumapetowo.

Kanthu kena kochokera ku chilankhulo chathu chomwechi. Mawu athu ambiri ali ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja, monga ng'ombe kapena M'baluku. Mukalemba 'M'baluku' ndi timakoti timodzitimodzi, Python iganiza kuti liwu lathera pa M, ndipo mulandira SyntaxError. Muzigwiritsa ntchito timakoti tiwiritiwiri, "M'baluku", mukamalemba maina a makasitomala ndi madera awo. Ndipo mukamakopera code kuchokera pano, onetsetsani kuti mipata ya kumayambiriro kwa mizere ya pansi pa for ndi if sinafufutike, chifukwa nthawi zina imasowa pomata, ndipo Python popanda mipata imeneyo siyenda.

Yesani kukonza mzere wachiwiri uja, kenako onjezani mcheni ndi append, chotsani kampango ndi remove, musanjenso, ndipo mutumize chithunzi cha zimene zatuluka. Pakhale chambo, mcheni, usipa, utaka. Zikatuluka zina tidzaonera limodzi madzulo ndikaweruka. Mupereke moni kwa mayi, muwauze kuti kambuzi wa ku Malombe akapezeka andisungireko mulu umodzi.