Njira yatseguka koma matenda sakuyamba

FUNSO: Anamwino, ndili ndi pathupi pachiwiri, pa masabata 38. Sabata yatha kusikelo anandiyeza n'kundiuza kuti njira yatseguka masentimita 2. Usiku womwewo ndinalongedza zitenje ndi beseni, koma mpaka lero kuli zii. Dzulo ndinaona chikazi chonanda ngati mamina, chokhala ndi timizere ta magazi. Apongozi akuti andipatse mwanamphepo kuti zifulumire. Nditani? — Mayi wa ku Ntchisi

YANKHO: Mayi, katunduyo musamasule, koma mtima ukhale pansi. Njira yomwe amanenayo ndi khomo la chiberekero. Miyezi yonseyi limakhala lotseka, lalitali masentimita atatu kapena anayi, lolimba ngati nsonga ya mphuno yanu. Masiku akayandikira limafewa ngati milomo, n'kufupika mpaka kupyapyala, kenako n'kumatseguka. Mwana amadutsa likafika masentimita 10.

Kwa mayi wobalapo kale ngati inu, khomoli limatha kukhala pa masentimita 2 kwa sabata imodzi kapena ziwiri popanda chochitika. Azambafe sitilosera tsiku ndi nambala imeneyo. Ndaonapo mayi wobwera m'mawa khomo lili lotseka, dzuwa lisanalowe wachira. Chonanda chija ndi chomwe chimatseka khomolo kuti tizilombo tisafike kwa mwana. Kutuluka kwake kukusonyeza kuti thupi likukonzeka, ngakhale mutha kudikirabe masiku angapo. Matenda enieni mudzawadziwa: msana ndi mimba zimapota mobwerezabwereza, motsatizana pafupipafupi, ndipo sizileka ngakhale mugone.

Za mwanamphepo ndikupemphani ndi mtima wonse, musamwe. Apongozi akukufunirani zabwino, ndikudziwa, koma mankhwalawa alibe mlingo. Amafinya chiberekero mwamphamvu khomo lisanakonzeke, mwana amabanika, ndipo chiberekero chimatha kung'ambika. Ndalandirapo amayi otere pakati pausiku, ndipo ena sitinathe kuwapulumutsira mwana. Musalolenso aliyense kunyumba kupisa zala kuti aone ngati njira yakula, chifukwa zimenezo zimalowetsa tizilombo.

Nsupa ikasweka, magazi akamatuluka ambiri ngati kumwezi, mutu ukamawawa kwambiri kapena mwana akachepetsa kusewera, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale mimba isakupota. Ngati kwanu n'kutali ndi chipatala, pitani kuchidikiro sabata ino, poti mwana wachiwiri nthawi zambiri sachedwa ngati woyamba. Apongoziwo muwatenge akhale okudikirirani, akadzimvere okha kwa azamba.