Amayi anafunsa za ndiwo, mkamwini anayankha za mchere

Azakhali,

Ndili pabanja zaka 9. Amuna anga samwa mowa, sayenda usiku, ndipo malipiro awo ndimawadziwa mpaka tambala yomaliza. Koma pakamwa pawo pandichititsa manyazi kambirimbiri. Pa Khirisimasi tinali kumudzi ku Ntcheu, amayi anatiphera nkhuku. Atafunsa kuti, "Ndiwozo zili bwanji, bambo?" iwo anayankha kuti, "Mchere wachuluka, amayi." Nyumba yonse inangoti zii. Pokonzekera chinkhoswe cha mng'ono wanga, ananena pamaso pa onse kuti mwambo waukulu chonchi sukugwirizana ndi ngongole za mwamunayo. Zinali zoona, koma n'zonena pagulu? Pamaliro a amalume anakhala pang'ono, kenako anadzuka n'kumakakonza nthambo za magetsi za patenti.

Abale akuti ndi amwano, odzimva. Ankhoswe atikhazika pansi kawiri, iwo amangodabwa: "Ndalakwa chiyani? Si anandifunsa?" Ine ndikakwiya n'kunena kuti palibe kanthu, amakhulupirira. Chaka chatha mwana wathu wazaka 6 anamupeza ndi autism, chibadwa chimene chimakhudza mmene munthu amalankhulira ndi kukhalira ndi anzake, ndipo adokotala atafunsa ngati kuli wachibale wofanana naye, maganizo anga anathamangira kwa bambo ake. Kodi n'zotheka, kapena ndikungowaikira kumbuyo? Amayi akuti ndibwerere kumudzi.

Mayi wa ku Ndirande

Mwana wanga,

N'zotheka ndithu. Autism imayenda kumtundu. Si ufiti, si katemera, si kulera moipa. Munthu amabadwa nayo, ndipo ana amene ali nayo amakula, amagwira ntchito, amakwatira. Dokotala Leo Kanner wa ku America ataifotokoza mu 1943 ankanena za ana 11 okha, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankaiyang'ana mwa ana osalankhula. Mnyamata wolankhula bwinobwino koma wokonda kukhala payekha, wosayang'ana anthu m'maso, ndani akanamuganizira? Kwathu kuno kusayang'ana akulu m'maso ndi ulemu kumene, mwina aphunzitsi ankachita kumuyamikira.

Taganiza kaye mmene ife timalankhulira. Timati "zikomo, ndakhuta" m'mimba mukulira. Tikati "tiona" ndiye kuti takana. Tikati odwala uja "watisiya" aliyense amadziwa kuti tiyambe kusonkha nkhuni. Amayi ako pofunsa za ndiwo sankafunsa za ndiwo ayi. Ankafuna kumva kuti mkamwini waiona nkhuku imene yafera iye. Amuna ako anamva funso la ndiwo, anayankha za ndiwo. Kwa anthu ambiri amene ali ndi autism, mawu amatanthauza zimene anenazo, ndipo kunamiza apongozi n'kumene kukanakhala chipongwe. Za pamaliro zija ine zandikhudza mwina. Khamu, nyimbo ndi kulira zimawalemera anthu otere kuposa mmene ife timaganizira, koma iwo sanathawire kunyumba. Anafuna chochita ndi manja awo kuti anamfedwa asakhale mumdima.

Katswiri wina wa ku Britain, Damian Milton, yemwenso ali ndi autism, analemba mu 2012 kuti kusamvanaku kumachokera mbali zonse ziwiri: iwo samatimva ife, ifenso sitiwamva iwo. Mu 2020 ofufuza a ku Edinburgh anayesa kupatsirana nkhani mumzere, uyu kuuza uyu. Anthu a autism okhaokha anaifikitsa bwino mofanana ndi anthu opanda autism okhaokha. Nkhani inkatayika kwambiri akasakanikirana. Ndiye ankhoswe akamakalipira mbali imodzi yokha, adzakukhazikani pansi kachitatu ndi kachinayi popanda chosintha.

Yamba ndi iweyo. "Palibe kanthu" uja umusiye lero. Ukakhumudwa nena: "Mwandikhumudwitsa ponena za ngongole pamaso pa achimwene." Kwa iwe zimveka zaukali, kwa iwo ukhala kuti wawatsegulira chitseko. Musanapite kumudzi, uwauze malamulo amene tonsefe tinangowatola osauzidwa: "Amayi akafunsa za chakudya, muthokoze nkhukuyo. Za mchere mudzandiuza ine m'basi." Apa sukuwaphunzitsa bodza, poti nkhukuyo inafadi. Nkhani za ndalama za achibale azikuuza iwe kaye, kapena azikokera ankhoswe pambali. Uwafunsenso chimene chimawatopetsa pagulu. Zaka 9 zonsezi, kodi alipo amene anawafunsapo?

Koma tamvera, autism si chilolezo chopwetekera anthu. Munthu wonena mosapsatira chifukwa cha chibadwa, ukamuuza momveka kuti wavulaza wina, amadandaula ndipo amayesetsa, ngakhale mawa aphunthwenso. Munthu wankhanza amasankha pobaya, amanyoza, amamana ndalama, amaopseza, ndipo ukalira amakuseka. Zoterezo ndazifufuza m'kalata yako, sindinazipeze. Zikanakhalamo, bwenzi yankho langa lili lina.

Nkhani ya autism usaitulutse pa mkangano, ingamveke ngati chitonzo. Ulendo wotsatira wa mwana kuchipatala mupitire limodzi, amve okha zimene adokotala akufotokoza. Akulu ambiri amadzizindikira kudzera mwa ana awo. Oyeza ndi akatswiri, osati iwe kapena ine, ndipo poti muli ku Blantyre mukhoza kufunsa ku Queen Elizabeth. Kuyezetsa kapena kusayezetsa asankhe okha. Usakalengeze kwa abale iwo asanalole, paja ukudziwa kuti kumudzi ena akangomva, mawu oti "misala" awamatirira iwo ndi mwana yemwe, chonsecho autism si misala.

Kumudzi pita ndithu, koma ndi kachikwama ka masiku awiri, ndipo mupite nonse. Uwauze amuna ako mosabisa kuti amayi anakhumudwa ndi za mchere zija ndipo akufunika kupepesedwa. Apepese m'mawu awoawo, ngakhale akhale atatu okha. Akatero, awafunse amayi ngati pali wailesi kapena chitseko chimene chikuvuta pakhomopo.

Azakhali