Kodi aphungu angafafanize chigamulo cha khoti la Supreme?

Bambo, mwafunsa kuti popeza aphungu timachita kuwavotera pamene majaji sitiwavotera, bwanji Nyumba ya Malamulo singangokana chigamulo chomwe sichinaisangalatse. Singatero. Mlandu ukagamulidwa ndi khoti la Supreme, lomwe ndi lomaliza kumva apilo m'Malawi muno, wathera pomwepo. Aphungu ali ndi mphamvu yosintha lamulo kuti mtsogolo lizigwira ntchito mwina, koma kuchita voti yoti wopambana mlandu akhale woluza sangathe.

Gwero lake ndi gawo 5 la malamulo oyendetsera dziko a 1994. Limati lamulo lililonse, kapena chilichonse chomwe boma lachita, chikasemphana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Gawo 9 lapereka kwa makhoti udindo wotanthauzira malamulo. Choncho jaji akathetsa lamulo lomwe aphungu anakhazikitsa, akugwira ntchito yomwe inu ndi ine tinamutuma.

Kumbukirani za 2020. Pa 3 February majaji asanu a khoti la High anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 21 May 2019, nati gawo 80(2) likutanthauza kuti wopambana apeze mavoti oposa theka la onse oponyedwa. Khoti la Supreme linavomereza zimenezi pa 8 May. Koma majajiwo sanadzilembere okha lamulo la chisankho chachibwereza. Ntchitoyo anaitula kwa aphungu, popeza kupanga malamulo ndi kwa Nyumba ya Malamulo.

Nawonso aphungu ali ndi pogwirira. Mkulu wa majaji amasankhidwa ndi pulezidenti, koma sayamba ntchito mpaka magawo awiri mwa atatu a aphungu omwe alipo ndi kuvota atamuvomereza. Angathenso kusintha malamulo aakuluwo ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu a Nyumba yonse, ngakhale kuti magawo ena, monga a ufulu wachibadwidwe, gawo 196 limafuna kuti apite ku riferendamu. Gawo 119 linawapatsanso mphamvu yopempha pulezidenti kuti achotse jaji wolephera ntchito kapena wa khalidwe loipa. Mphamvu imeneyi ndi yomwe imandidetsa nkhawa. Mu 2001 aphungu anaigwiritsa ntchito pofuna kuchotsa majaji atatu a khoti la High, ndipo anthu ambiri anaona kuti chinavuta ndi zigamulo zawo. Jaji woopa kuchotsedwa ntchito sangakugamulireni mlandu mwachilungamo tsiku lomwe mwasumira boma.

Ngati pali lamulo lomwe mukuona kuti likukuphwanyirani ufulu, kasumeni ku khoti la High, ndipo muonetse momwe nkhaniyo ikukukhudzirani. Mkulu wa majaji akatsimikiza kuti ikukhudza malamulo aakulu, imamvedwa ndi majaji osachepera atatu. Umu ndi momwe mu 2017 munthu wochita geni mu Blantyre anathetsera gawo la lamulo la vakabu lomwe apolisi ankamangira anthu. Ndalama za loya zikakuvutani, yambani mwafika ku Legal Aid Bureau.