Paladin wapha mkaidi, ndimulande mphamvu?

Eya mphwanga, ndamva funso lako lija. Ukuti mu Dungeons & Dragons, masewero apatebulo a nthano ndi dayisi, imene ukutsogolera ngati DM (Dungeon Master, wotsogolera nkhani), mnzako amene akusewera ngati paladin, msilikali amene mphamvu zake zimachokera ku lumbiro lopatulika, wapha mkaidi amene anali atagwada kale, lupanga atataya, ndiye ukufuna kudziwa ngati umulande mphamvu zake pompo. Usamulande kaye. Ndiyankhula motalikirako, upirire.

Ndikuyankha potengera Player's Handbook, buku la malamulo a osewera, ya 2014, poti ya 2024 inasintha zingapo. Paladin amalumbira akafika level 3, ndiye kuti gawo lachitatu la kukula kwake, ndipo m'bukulo malumbiro alipo atatu: Devotion, Ancients ndi Vengeance. Ndiye uyambe wayang'ana papepala lake, pamene pamalembedwa zonse za paladin wake, kuti analumbira liti. Ngati ndi Devotion, walakwadi, chifukwa lumbiro limenelo limafuna kunena zoona, kulimba mtima, chifundo, ulemu ndi kukwaniritsa udindo, ndipo limanena kuti adani uziwachitira chifundo, koma mwanzeru. Koma ngati ndi Vengeance, ndipo mkaidiyo anali m'gulu la adani amene iye analumbira kuti adzathana nawo, palibe mlandu. Lumbiro limenelo silimufunsa chifundo kwa mdani wotero. Ambiri amasokoneza pamenepa, amayesa paladin aliyense ndi mlingo wa Devotion.

Tinene kuti ndi Devotion. Buku silinena kuti mphamvu zimazima nthawi yomweyo ngati nyali, ayi. Limati wophwanya lumbiro amapita kwa wansembe wa chipembedzo chake, kapena kwa paladin mnzake wa gulu lomwelo, kukapempha chikhululukiro. Atha kuchezera usiku wonse akupemphera, kapena kusala kudya, kenako nkhani yatha. Chilango chachikulu ndi cha amene waphwanya dala ndipo sakusonyeza kulapa. Ameneyo ndi amene iwe ungamuuze kuti asiye upaladin atenge class ina, ndiye kuti mtundu wina wa munthu woseweredwa, kapena akhale Oathbreaker, paladin wotaya lumbiro n'kutsata mdima.

Tsono tamva chifukwa chake ndikuti usafulumire. Tiyerekeze kuti ali level 5. Lay on Hands yake, mphamvu yochiritsa pogwira munthu, ndi level kuchulukitsa ndi 5, ndiye ali ndi mapointi 25 ochiritsira, ndipo 5 mwa amenewo atha kuchotsa poizoni kapena matenda. Ali ndi ma spell slot, mipata yochitira matsenga, anayi a level 1 ndi awiri a level 2. Akamenya n'kulasa, atha kuwotcha slot imodzi pa Divine Smite, yowonjezera kuvulaza mdani: 2d8 (madayisi awiri a mbali 8) pa slot ya level 1, 3d8 pa ya level 2, kuwonjezerapo 1d8 ngati mdaniyo ndi chiwanda kapena wakufa woyendayenda. Ukachotsa zonsezi watsala ndi munthu wa lupanga ndi chishango basi, wofooka kuposa fighter wa level yomweyo. Nkhondo zimene unakonza kale unawerengera ma smite amenewo, ndiye zidzalemera mwadzidzidzi. Akafika level 6 ndiye zimaipiratu, chifukwa Aura of Protection imapatsa iye ndi mnzake aliyense amene ali mkati mwa mapazi 10, mabokosi awiri pamapu, bonasi ya Charisma yake, nambala ya chikoka chake, pa saving throw, dayisi yodzipulumutsira ku ngozi. Charisma 16 ndi +3. Kumulanda zimenezo n'kulanga tebulo lonse chifukwa cha dzanja la munthu mmodzi.

Ine ndingachite chonchi. Muyankhulane kaye awiri, masewero asanayambe, umufunse kuti akufuna paladin wake apite kuti. Akanena kuti akufuna kulapa, tseka mphamvu yotchedwa Channel Divinity yokha, chifukwa imeneyo imachokera mu lumbiro mwenimweni. Dziwa kuti limeneli ndi lamulo lapatebulo panu, silili m'buku, ndiye umuuze poyera. Akadzakweza lupanga kuti aitane Sacred Weapon, Channel Divinity ya Devotion yowalitsa chida, umuuze kuti chitsulo chakhalabe chozizira, kuwala kuja sikunabwere. Zikwanira zimenezo, adzamva m'mimba. Lay on Hands ndi Smite uzisiye. Kenako umupatse njira yobwerera yosapitirira masewero awiri: kachisi ali pafupi, wansembe amulamule kukabweza thupi la mkaidiyo kwa abale ake. Ikatalika kuposa apo munthu amatopa, amayamba kungoyang'ana foni.

Akanena kuti akufuna kugweratu mumdima, Oathbreaker ili mu Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la DM, ndipo imafuna paladin woipa mtima wa level 3 kapena kuposa. Koma chenjera, anaikonza poganizira adani a m'nkhani. Pa level 7 Aura of Hate yake imawonjezera mphamvu ya zida zomenyera pafupi kwa iye komanso kwa ziwanda ndi akufa oyendayenda amene ali mkati mwa mapazi 10, ngakhale amene akumenyana ndi gulu lanu. Anzakewo uwafunse kaye ngati akulola.

Chinanso, ulendo wina usamangomuyang'ana akulakwa. Dayisi isanagwe, imitsa masewero umufunse kuti, ukudziwa kuti ukatero waphwanya lumbiro? Akati eya, wasankha yekha, sipadzakhala mkangano. Ndipo mukhale pansi mulembe kuseri kwa pepala lake mizere itatu yokha ya zimene paladin wakeyo sangachite. Unditumizire chithunzi cha pepalalo, ndione lumbiro lake ndi Charisma.